Chikonga pothyola fodya: kodi zovala zodzitetezera zimathandizadi pa munda wa banja?

Nangondo

Ndikupempha nzeru kwa alimi anzanga komanso kwa aliyense amene amadziwa za umoyo. Pabanja pathu timalima fodya tokha, popanda antchito olembedwa, kotero kuti kuthena, kuchotsa mphukira, kuthyola, kututa ndi kusoka timachita eni akefe: ine, bambo a kunyumba, mwana wathu wamwamuna ndi mkazi wake, ndipo ntchito ikachuluka adzukulu nawonso amabwera kudzathandiza. Chaka chilichonse nyengo yothyola ikafika, pamakhala wina amene amadwala, ndipo kadwalidwe kake kamakhala kamodzimodzi. Munthu amaweruka kumunda ali bwinobwino, koma pofika madzulo amayamba kumva mseru, mutu umamuwawa kwambiri, amachita chizungulire moti sangathe kuima, kenako amasanza usiku wonse. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amachira n'kubwereranso kumunda. Poyamba tinkati ndi malungo kapena dzuwa, koma amene anapita kuchipatala atayezedwa magazi sanapezeke ndi malungo, ndipo ndaona kuti matendawa amakonda kubwera masiku amene tathyola m'mamawa kuli mame ambiri, kapena mvula itangokata kumene.

Mnansi wina anatiuza kuti chimene chimatidwalitsa ndi chikonga cha m'masamba, chimene chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Ine zikundivuta kumvetsa, chifukwa pakhomo pathu palibe amene amasuta, ndipo sindinamvepo kuti tsamba laliwisi lingaledzeretse munthu amene sanaliike pakamwa. Ngati zimenezi zili zoona, ndikufuna ndidziwe zovala zimene zingatiteteze. Tili ndi ovolosi imodzi, magolovesi ansalu ndi chotchinga pakamwa ndi pamphuno, zimene bambo a kunyumba amavala popopera mankhwala ophera tizilombo. Kodi zimenezi zikhoza kugwiranso ntchito pothyola? Chinanso chimene chikundiopsa n'chakuti mwina odwalawo amakhala atalowedwa poizoni wa mankhwala opoperawo, ife n'kumangodikira kuti achira okha. Munthu angasiyanitse bwanji ziwirizi, ndipo ndi liti pamene tiyenera kusiya zonse n'kuthamangira naye kuchipatala?

Namwino Wopuma

Mayi Nangondo, mnansi wanuyo ananena zoona. Zimene mwafotokozazi zikugwirizana kwambiri ndi matenda amene azachipatala amawatcha Green Tobacco Sickness. Madokotala a ku Florida, m'dziko la America, ndiwo anayamba kulemba za matendawa mu 1970, ndipo m'zaka za 1974 ndi 1975 gulu la Stephen Gehlbach ku North Carolina linayeza mikodzo ya othyola fodya osasuta n'kupezamo zotsalira za chikonga. Mu 1992, mvula itachuluka nthawi yokolola, anthu 47 a m'maboma asanu okha a chigawo cha Kentucky anapita kuchipatala ndi matenda omwewa. Apezekanso ku India, ndiponso ku Brazil, kumene mu 2007 azaumoyo anafufuza odwala ambiri m'dera la Arapiraca. Kulikonse kumene fodya amathyoledwa ndi manja, matendawa aliko.

Chimene chimachitika ndi ichi. Chikonga chimasungunuka mosavuta m'madzi, kotero kuti mame kapena madzi a mvula akakhala patsamba amatenga chikonga cha tsambalo. Ofufuza anapeza kuti mamililita 100 a mame a pafodya akhoza kukhala ndi chikonga chofika mamiligalamu 9, pamene munthu akasuta ndudu imodzi thupi lake limalandira miligalamu imodzi kapena awiri basi. Chikongacho chimadutsa pakhungu popanda vuto, ndipo n'chifukwa chake anthu ofuna kusiya kusuta amapatsidwa timapepala tomata pamkono, timene timalowetsa chikonga pang'onopang'ono m'magazi. Malaya onyowa ndi mame a fodya, amene amamatirira pathupi kuyambira m'mawa mpaka masana, amagwira ntchito ngati kapepala komata kameneka, kungoti iwo amakuta thupi lonse ndipo palibe amene anayeza mlingo wake. Kutentha ndi thukuta zimawonjezera, chifukwa mitsempha ya magazi ya pakhungu imatseguka, ndipo pamene pali bala, zidzolo kapena ming'alu chikonga chimalowa msanga kuposa pakhungu labwino. Khungu limasunganso chikonga china n'kumachitumiza m'magazi munthu ataweruka kale. Ichi ndicho chifukwa chake wodwala wanu amachoka kumunda ali bwino n'kudzayamba kusanza madzulo. Nthawi zambiri zizindikiro zimayamba pakapita maola 3 mpaka 17, ndipo zimatha patapita tsiku limodzi mpaka atatu.

Apa muona kuti chotchinga pakamwa ndi pamphuno sichingakuthandizeni pothyola, chifukwa njira imene chikonga chikudzera si mpweya ayi. Chotchingacho ndi chofunika popopera mankhwala ndiponso posankha fodya wouma amene amatulutsa fumbi, koma m'munda wonyowa chofunika kuteteza ndi khungu.

Funso lanu lachiwiri ndilo lolemera, ndipo mantha anuwo ndi oyenera, chifukwa poizoni wa mankhwala ena ophera tizilombo, makamaka a m'gulu la organophosphate ndi carbamate, amayamba mofanana ndi chikonga: mseru, kusanza, thukuta, kupweteka m'mimba. Choyamba kudzifunsa ndi chakuti m'mundamo munapoperedwa liti, ndipo wodwalayo anasakaniza kapena kupopera mankhwala kapena ayi. Kenako yang'anani maso ake. Poizoni wa mankhwalawa amachititsa mboni za maso kuchepa kwambiri n'kukhala ngati timadontho, misozi ndi malovu zimangochucha, m'chifuwa mumadzaza makhololo moti kupuma kumamveka phokoso, ndipo minofu imanjenjemera yokha. Munthu wotere sadikiridwa kuti achire pakhomo. Mutengeni nthawi yomweyo, pamodzi ndi botolo kapena paketi ya mankhwalawo, chifukwa kuchipatala kuli mankhwala othetsa poizoni ameneyu, monga atropine, ndipo dokotala akawerenga dzina la mankhwala sataya nthawi. Palinso vuto lachitatu, la kutenthedwa kwambiri ndi dzuwa, limene limadziwika ndi thupi lotentha zedi komanso kulankhula zosokonekera. Limenelinso ndi la kuchipatala mwachangu. Ndipo ngati thupi latentha, kuyezetsa malungo kusalekeke chifukwa chakuti mwaphunzira za chikonga.

Wina akadwala atathyola fodya wonyowa, mumuvule zovala zonse za kumunda, asambe thupi lonse ndi sopo ndi madzi ozizira bwino, osati otentha, agone pamthunzi, ndipo azimwa madzi kapena ORS pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mkaka umachotsa poizoni, koma chikonga chimene chalowa kale m'magazi mkaka suchipeza, ndipo mowa ndiye umangowonjezera kusanza ndi kutha madzi m'thupi. Chikonga chokha sichipha kawirikawiri mwa njira imeneyi. Choopsa kwambiri ndi kutha madzi. Choncho ngati wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, ngati wakomoka, ngati mtima ukugunda modabwitsa kapena akubanika, ndiponso ngati ndi mwana, mayi woyembekezera kapena munthu wa matenda a mtima, musagone naye pakhomo. Mukafika kuchipatala nenani mosabisa kuti amathyola fodya wonyowa, chifukwa si azaumoyo onse amene amakumbukira kufunsa zimenezi.

Gogo Chisale

Ndawerenga mwachidwi zimene alemba a Namwino, ndipo sindikutsutsa chilichonse pa nkhani ya matendawo, chifukwa ndalima fodya kuyambira ndili mnyamata ndipo kusanza kwa nthawi yothyola ndakuona m'mabanja ambiri. Koma ndikufuna amene amalangiza zovala amve kaye mmene zinthu zimakhalira pakati pa mizere, chifukwa malangizo amene mlimi sangawakwanitse amangomusiya ndi mantha, osasintha kanthu.

Chikhoti cha mvula chimavalika dzuwa lisanakwere. Likangokwera, pakati pa fodya wamtali sipadutsa mphepo, ndipo munthu wovala pulasitiki amanyowa ndi thukuta lake lomwe kuposa mmene akananyowera ndi mame. Ndaonapo anyamata amphamvu atakhala pansi pakati pa munda, maso atachita mdima, chifukwa cha chikhoti chimene amati chiwateteze. Magolovesi ochindikala nawonso ali ndi vuto lawo. Wothyola amadziwa tsamba lakupsa ndi maso komanso ndi zala, ndipo tsamba lakupsa limathyoka mosavuta ukangolikankha ndi chala chachikulu; ukavala magolovesi olimba umafinya tsamba, umaling'amba, ndipo pogula tsamba long'ambika kapena lofinyika limatsika giredi. Za kudikira kuti mame aume, ambirife timathyola m'mamawa chifukwa dzuwa la masana limafooketsa masamba othyoledwa n'kuwawaula asanafike m'chigafa. Nthawi zina mvula imagwa mlungu wathunthu, ndipo fodya sadikira munthu: masamba apansi akapsa n'kusathyoledwa amayamba mawanga n'kuwola pamtengo pomwepo, ndipo chimene chikuwolacho ndi ngongole ya feteleza.

Chinanso ndi ichi. Banja lolima lokha limakhala ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi m'munda, ndipo nthawi yothyola ndiyo nthawi imene m'nyumba mulibe ndalama, popeza fodya sanagulitsidwe. Kugulira aliyense chikhoti, magolovesi ndi majombo pa nthawi imeneyo si nkhani yapafupi. Pomaliza ndifunse mosabisa, chifukwa alimi ambiri amalankhula zimenezi ngakhale sangazilembe pano: bwanji amene amasuta sadwala kawirikawiri, ndipo bwanji munthu amadwala kwambiri masabata oyamba, kenako thupi n'kuzolowera? Ngati thupi limazolowera lokha, ena amaona ngati zovalazo n'zosafunika.

Mlangizi wa Zaulimi

Gogo Chisale, zimene mwanenazi si zodandaula za ulesi, ndipo si inu nokha. Ngakhale ku Brazil, dziko limene limagulitsa kunja fodya wamasamba wambiri kuposa lina lililonse, kumene makampani ogula fodya anakonza chovala chopepuka chosalowa madzi cha othyola, alimi ambiri amachisiyabe kunyumba, ndipo chifukwa chimene amapereka kawirikawiri ndi kutentha. Maganizo anga ndi akuti timalakwitsa tikamayamba ndi chovala. Choyamba ndi kuchepetsa nthawi imene madzi a fodya akhala pakhungu, ndipo chovala ndi imodzi chabe mwa njira zochitira zimenezo.

Tsiku lopanda mvula, mame amauma dzuwa lisanafike pakati pa mutu, ndipo pamakhala maola angapo amene tsamba limakhala louma koma dzuwa lisanayambe kuwaula. Ntchito ya mbandakucha ikhoza kukhala yokonza mikangala, zingwe ndi chigafa, kuthyola n'kudzayamba mame atachepa, bola masamba othyoledwa azichotsedwa padzuwa mwamsanga n'kuikidwa pamthunzi. Tsiku limene simungachitire mwina koma kuthyola konyowa, chikhoti chivalidwe maola onyowa okhawo. Masamba akangouma, wothyola avule chikhoticho pamodzi ndi malaya a m'kati, atsuke mikono ndi pachifuwa, avale malaya ena ouma a mikono yaitali, amwe madzi, n'kupitiriza. Malaya osinthira amenewa ali kale m'nyumba iliyonse, ndipo kusintha kokhaku kumachotsa gawo lalikulu la vuto, chifukwa amene amadwala kwambiri ndi amene amaumitsa malaya onyowa ndi thupi lawo lomwe.

Tiyang'anenso mmene timanyamulira. Wothyola akamayenda mumzere amapanikiza masamba m'khwapa mpaka atakwana mtolo, ndipo mukamuyang'ana madzulo mudzaona kuti mbali imodzi ya malaya, kuchokera m'khwapa kutsika m'nthiti mpaka m'chiuno, yachita bii ndi utomoni womata. M'khwapa khungu ndi lopyapyala, ndi lofunda ndiponso lonyowa nthawi zonse, kotero kuti palibe malo oipa oikapo tsamba lonyowa kuposa amenewa. Kuika masamba m'dengu, pa wilibala, kapena pa chiguduli choyalidwa kumapeto kwa mzere chimene anthu awiri anganyamule, kumachotsa fodya pathupi popanda kugula chovala chilichonse. Amene angapeze pulasitiki yolimba akhoza kusoka epuloni yokuta chifuwa, nthiti ndi ntchafu, yotseguka kumsana kuti mphepo izidutsa, pamodzi ndi zovala za mikono yokha. Pulasitikiyo ikhale yoti sinasungepo mankhwala ophera tizilombo. Thumba lolukidwa limadutsa madzi, choncho silingalowe m'malo mwake.

Mayi Nangondo, magolovesi anu ansalu musathyolere fodya wonyowa. Nsalu imamwa mame n'kuwasunga pakhungu tsiku lonse, moti nthawi zina imaipa kuposa dzanja lopanda kanthu. Ofunika ndi a labala kapena a nitrile, opyapyala mokwanira kuti zala zizimva tsamba monga akufunira Gogo Chisale, koma aatali ofika pamwamba pa mfundo ya dzanja. Golovesi ikang'ambika itayidwe, chifukwa madzi akalowa m'kati satulukanso, ndipo madzulo aliwonse magolovesi atsukidwe kunja ndi m'kati n'kuyanikidwa atatembenuzidwa. Ovolosi imene bambo amapoperera mankhwala ikhale ya ntchito yomweyo basi. Kuivala pothyola n'kusonkhanitsa mapoizoni awiri pathupi limodzi, ndipo ngati ndi yansalu simatchinga n'komwe madzi. Werenganinso pa botolo la mankhwala nthawi imene iyenera kudutsa munthu asanalowenso m'munda wopoperedwa, chifukwa kuthyola nthawiyo isanakwane ndiko kumabweretsa chisokonezo chimene mukuchiopa chija.

Chidebe cha madzi ndi sopo zizikhala m'mphepete mwa munda, osati kunyumba kokha. Ofufuza amene anayeza manja a othyola fodya ku America anapeza kuti kusamba ndi sopo kumachotsa pafupifupi chikonga chonse chimene chili pamwamba pa khungu, koma chimene chalowa kale sopo sachitulutsa, choncho kusamba pa nthawi yopuma kumaposa kudikira madzulo. Zovala za kumunda zichapidwe pazokha, ndipo wochapayo akumbukire kuti madzi oyamba aja ali ndi chikonga.

Za osuta, n'zoona kuti thupi lozolowera chikonga silichita mseru msanga, ndipo n'chimodzimodzi ndi munthu amene wathyola masabata angapo. Koma kuzolowera kumangophimba zizindikiro. Chikonga chimalowabe, chimathamangitsabe mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, ndipo osuta nawonso amadwala tsiku limene anyowa kwambiri. Ndimamva chisoni ndikamva mnyamata akulangizidwa kuti ayambe kusuta pofuna kupewa kusanza kwa masiku awiri, pamene bungwe la World Health Organization limanena kuti fodya amapha mpaka theka la anthu omusuta amene sasiya.

Nabanda

Malangizo a a Mlangizi ndi abwino kwa akuluakulu, koma ndikupempha kuti tisadutse mwachangu pa mawu amene Mayi Nangondo analemba koyambirira, akuti ntchito ikachuluka adzukulu amabwera kudzathandiza. Pa munda wa banja mulibe kapitawo woletsa mwana kulowa, ndipo mwanayo amathandiza chifukwa chokonda makolo ake, kotero kuti palibe amene amaona ngati pakulakwika kanthu. Koma thupi la mwana ndi laling'ono, khungu lake ndi lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo sanazolowere chikonga, choncho mame omwewo amene angapatse bambo mutu wokha akhoza kumugwetsa mwana. Popeza ndi wamfupi, masamba amene wamkulu amamukhudza m'chiuno iye amamukhudza kumaso ndi m'khosi.

Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi, limene linanena kuti pa tsiku la chinyezi mwana akhoza kulowedwa chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi ndudu pafupifupi 50. Mu 2014 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti litacheza ndi ana 141 a zaka 7 mpaka 17 ogwira ntchito m'minda ya fodya ku America, ndipo pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse ananena kuti anadwalapo mwadzidzidzi ali pantchito. Bungwe lomweli linapezanso zofanana ku Indonesia mu 2016 ndi ku Zimbabwe mu 2018, ndipo ku Indonesia ambiri mwa anawo ankagwira m'minda ya mabanja awo kapena ya anansi. Brazil inaika ntchito ya fodya pa mndandanda wa ntchito zoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18 mu 2008, motsatira pangano la nambala 182 la International Labour Organization la mu 1999. Kwa ine nkhani ya ana si yofunafuna magolovesi ang'onoang'ono. Mwana asagwire fodya wamuwisi, kaya m'munda kaya m'chigafa, ndipo ngati afuna kuthandiza pali ntchito zina za pakhomo zimene zingamasule manja a wamkulu kuti apite kumunda.

Ndikufunanso kuyankha funso la Gogo Chisale la amene angagule zovalazo, chifukwa sindikuona kuti ndi chilungamo kusenzetsa banja lokha katundu yenseyu. M'mayiko ambiri mlimi wamng'ono amalima pa mgwirizano ndi kampani imene imamupatsa mbewu, feteleza ndi mankhwala, n'kumamuyendera kuti ione ngati tsamba likukula mmene ikufunira. Kampani imene ingathe kuwerenga mbande za m'munda ingathenso kuwerenga anthu amene adzathyole. Zovala zikaperekedwa za munthu mmodzi pa mgwirizano umodzi, zimapita kwa amene anasaina, amene nthawi zambiri ndi bambo, pamene mayi amene amathyola, kututa, kusoka ndi kuchapa amatsala wopanda kanthu. Alimi akamakambirana mgwirizano kudzera m'makalabu awo, apemphe zovala zolingana ndi chiwerengero cha akuluakulu ogwira ntchito, zofika nyengo yothyola isanayambe, ndipo afunse momveka ngati mtengo wake udzadulidwa pogulitsa. Maboma nawonso ali ndi mbali yawo. Pangano la dziko lonse loletsa kufala kwa fodya, limene World Health Organization inavomereza mu 2003, lili ndi ndime 18 imene imauza mayiko kuti asamale umoyo wa anthu ndi chilengedwe pa ulimi wa fodya, ndipo alimi ali ndi ufulu wokumbutsa atsogoleri awo za ndime imeneyi.

Nangondo

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Ndili ndi funso lina kwa a Namwino. Mpongozi wanga ndi woyembekezera, ndipo tinaganiza zoti asamapite kumunda koma azikhala m'chigafa n'kumasoka masamba amene ena athyola, kenako adzathandize kusankha fodya akauma. Kodi ntchito zimenezi zilibe vuto kwa iye? Komanso fodya wouma timasunga m'chipinda china cha nyumba yomwe timagona, poopa akuba ndi chinyezi, ndipo fungo lake limafika paliponse.

Namwino Wopuma

Mayi Nangondo, kumuchotsa kumunda mwachita bwino, koma kusoka sikumuchotsa pa fodya wamuwisi. Wosoka amakhala pansi, mulu wa masamba uli pambali pake, ena ali pamiyendo, ndipo ngati anathyoledwa ali onyowa madzi ake amadutsa pansalu n'kukhala pantchafu ndi pamimba kwa maola ambiri, pamene zala zikuchita utomoni wakuda. Chikonga chikalowa m'magazi a mayi chimafikanso kwa mwana wosabadwayo kudzera m'nsengwa, ndipo chimapanikiza mitsempha imene imamupititsira mpweya ndi chakudya. Mwana akadzabadwa, chikonga chimapezekanso mu mkaka wa m'mawere. Chifukwa cha zimenezi, langizo langa ndi lakuti mpongozi wanu asagwire fodya wamuwisi konse mpaka atachira ndiponso pa nthawi yoyamwitsa, ndipo akapita kusikelo awauze anamwino kuti pakhomo pamalimidwa fodya. Ena onse amene azisoka adikire kuti masamba akhe madzi, ayale pulasitiki pamiyendo kapena asokere pa thebulo, avale magolovesi, ndipo khanda lisagonekedwe pafupi ndi mulu wa masamba.

Fodya wouma sadwalitsa mwadzidzidzi ngati wamuwisi, popeza alibe madzi otengera chikonga pakhungu, komabe chikonga chimakhalamo, ndipo manja a thukuta amachitenga ndithu. Vuto lake lalikulu ndi fumbi limene limatuluka posankha ndi podinda mabelo, limene limayabwa m'maso, kukhosomoletsa ndi kudzutsa mphumu. Apa ndipo pofunika chotchinga pakamwa ndi pamphuno, koma chikhale china, osati chopoperera mankhwala chija, ndipo ntchitoyo ichitikire pamalo podutsa mphepo. Mpongozi wanu ndi bwino ntchito imeneyinso imupitirire. Ngati fodya sangasungidwe kwina, chipindacho chikhale ndi chitseko chotseka bwino ndi zenera lotulukira panja, mipata ya pamwamba pa khoma itsekedwe, muzisesa mutawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke, ndipo mayi woyembekezera ndi ana azigona m'chipinda chimene chili kutali kwambiri ndi fodyayo.